Mowa wa Akufa a Onarebo

"Wamwa mowa wa akufa anga, dalaivala iwe!"

Anandikalipira choncho ndi bwana wanga, mkulu wa ku Ghana wa imvi mutu wonse, ataima pamchenga m'mphepete mwa nyanja ku Ras Abu Aboud, atafunda nsalu yakuda ya pamaliro, botolo la pulasitiki lili m'manja. Linali Loweruka m'mawa, kukuwomba mphepo ya fumbi. Ine sindinagwade, sindinapepese. Ndinawagwira nsalu ija pachifuwa n'kuwakoka mpaka magalasi awo anagwera mumchenga. Pamsewu chapatali, galimoto ya apolisi inali ikubwera pang'onopang'ono. Mukudziwa nonse zomwe zimamuchitikira dalaivala wonunkha mowa m'dziko la eni la m'chipululu lino: ndende, kenako ndege, ndipo ana kwanu sukulu yathera pomwepo. Bwanawo akanangokweza dzanja, zanga zikanatha.

Ndisiye kaye pamenepo, dzanja langa lili pachifuwa cha munthu wamkulu. Ndibwererapo.

Abale anga, ndine Fanuwelo, kwathu ku Ntcheu. Ambiri a inu Amalawi anzanga a m'dera lino la Muntazah mumandidziwa, ena chifukwa ndinakutukwananipo. Sindinabwere kudzasangalatsa munthu. Ndikudziwa kuti pakati panu pali ena amene kunsi kwa bedi amasunga botolo la madzi lomwe mulibe madzi. Musayang'anane. Ndikulankhula ndi inu.

Bwana wangayo dzina la kwawo anali Kwabena, koma aliyense ankangoti Onarebo, chifukwa kwawo munthu akakhalapo phungu ulemuwo sauchotsa. Anali mwana wa mlimi wa koko. Anaphunzira za maakaunti, analowa kubanki ngati kalaliki, anakwera mpaka kukhala mmodzi wa mabwana. Kenako amayi a pamsika kwawo anawakakamiza kuti aime pachisankho. Anapambana, ndipo atapambananso kachiwiri anawapatsa udindo wa wachiwiri kwa nduna kumbali ya zachuma. Zonsezi anandiuza okha, pang'ono lero pang'ono mawa, tikamangika pamzere wa magalimoto.

"Fanuwelo," ankatero, "bajeti ndinkailemba muofesi, koma mpando wanga unali pamaliro. Loweruka lililonse nsalu yakuda, mudzi uwu, mudzi uwo, kupereka moni mpaka dzanja kutupa."

Sindinadzifunse n'komwe kuti zimatheka bwanji anthu a dziko lonse kumaikidwa Loweruka lokhalokha. Ndikanafunsa funso limenelo, bwenzi lero ndikumvera umboni wa wina.

Mpandowo anautaya chonchi. Kunamwalira mayi wina wokalamba, mtsogoleri wa amayi a pamsika aja, yemwe anayamba kutchula dzina lawo pagulu. Tsiku la maliro iwo anali kunja, kukambirana za ngongole ya boma. Anatuma mnyamata wa muofesi ndi envelopu. Amayiwo anaibweza osaitsegula. Pachisankho chotsatira anagwa chagada. Ndiye kampani ina yosunga chuma cha anthu olemera inawaitana kuno ngati mlangizi. Mkazi ndi ana anatsala kwawo. Iwo ankakhala okha ku Pearl, chilumba cha anthu olemera chija, pamwamba penipeni pa nsanja ina.

Amene munagwirako ntchito ku Pearl nthawi ya blokedi mukukumbukira mmene kunalili. Maiko oyandikana nafe atatseka malire, anthu awo ananyamuka mothamanga. Makatani otseka masana onse. Kumalo oimika magalimoto pansi pa nyumba, magalimoto a mabwana atakwiririka fumbi, matayala ataphwa, eni ake osabwera. Ukatsika kumeneko umangomva nsapato zako. Lifiti inkaima pansanjika yopanda munthu, kutseguka, kudikira, kutsekanso.

Onarebo sankamwa, dokotala anawaletsa. Koma m'nyumba mwawo munali chipinda chokhoma, ndipo Loweruka lililonse m'mawa ankatulukamo atafunda nsalu yakuda, atanyamula botolo lobiriwira la mowa wa jini, woyera ngati madzi. Ntchito yanga inali kuthira jiniyo m'botolo la pulasitiki kuti asaoneke kunja. Tikatero tinkapita ku Ras Abu Aboud, pafupi ndi pomwe ankasanjikiza makontena pomanga bwalo la mpira lija. Ankavula nsapato, kutsitsa nsalu paphewa, n'kumathira pansi madontho, akutchula maina m'chinenero chawo. Anali anthu a dera lawo amene anamva kuti amwalira.

Ndinawafunsapo chifukwa chomwe sankathira pakhonde pawo.

"Pearl si dothi," anayankha. "Ndi mchenga wochita kuthira panyanja dzana lomweli. Akufa sakudziwako."

Ndinkangoti ndi za kwawo. Sizinkandikhudza.

Kenako Lachiwiri lina alamu anga anaimba. Achimwene anga a Dayisoni, amene anandilera bambo atamwalira, amene anandiphunzitsa chiwongolero, anagwa kudimba ndipo sanadzukenso. Munthu wopanda matenda. Nthawi imeneyo dalaivala wa panyumba sunkatuluka m'dziko muno popanda sponsa, bwana wokulemba ntchitoyo, kukusainira. Ndinakwera pamwamba kukawauza. Onarebo anaimirira, anandigwira dzanja ndi manja awiri, anafunsa dzina la malemu. Analitchula kawiri, mwapang'onopang'ono, ngati akulilawa. "Dayisoni. Dayisoni."

Kenako anati, "Usathamange. Mwezi uno ntchito yachuluka. Ulendo wako tidzaukonza bwinobwino pakapita miyezi iwiri kapena itatu."

Abale, ine mtima wanga wapachala umagwira pa anzanga. Pamaso pa bwana ndimameza. Ndinangoti, "Chabwino, bwana," n'kutsika. Njira yotchipa yodzera ku Dubai inali yotseka kale, koma akanandisainira ndikanayesa ina. Achimwene anaikidwa Lachinayi. Ndinaonera pafoni, ndili m'galimoto pansi pa nsanja paja. Mwana wawo ananyamula foni pamzere woona nkhope, ndipo atangofika pabokosi chithunzi chinauma. Ndinaona chivindikiro ndi dzanja la munthu. Nkhope sindinaione.

Loweruka lotsatira tili kunyanja kuja, ine nditatsamira galimoto, ndinamva pakati pa mawu achilendo aja dzina limodzi lomveka bwino. Dayisoni. Ndipo jini anadontha pansi.

Inu ndinu Amalawi, sindikufunika kukuuzani zomwe zinabwera m'mutu mwanga. Munthu wa chuma chosaoneka komwe chikuchokera. Mkazi anamusiya kutali. Chipinda chokhoma. Mowa amagula koma samwa. M'bale wako wafa mwadzidzidzi, iyeyo wakukaniza kukaona nkhope, ndipo pano akumuitana dzina m'mphepete mwa nyanja.

Ndinamuuza Sipiriyano, mlonda amene tinkagona chipinda chimodzi. Uyo wakhala pakhomoyo, asabisale.

"Akulu," anatero, "musavutike n'kulira. Achimwene anuwo sanafe, alembedwa ntchito. Pano ndi ndondocha ya kubanki, avala tayi, akusamalira chuma cha bwana wanu pansi pa nyanja."

Ankanena moseka. Ine sindinaseke.

Sabata yomweyo galimoto inayamba kulira. Mukudziwa kabelu kamene kamalira munthu akakhala pampando osamanga lamba. Ting, ting, ting. Kanyali kofiira kakusonyeza mpando wakutsogolo, pambali panga. Pampandopo panalibe kanthu, ngakhale nyuzipepala. Onarebo ankakhala kumbuyo. Ndipo mpando umenewo ndi umene achimwene ankakhalapo pondiphunzitsa kuyendetsa, ndipo lamba sankamanga, ankati amawathina pamimba.

"Fanuwelo, watenga mlendo osandiuza?" anatero bwana, akuseka, maso ali pamapepala awo.

Kugalaja anati kachipangizo ka mumpando kafa ndi kutentha, ndipo katsopano kankadzera ku Dubai, tsopano tidikire sitima yozungulira. Ndinangogwedeza mutu. Ndinkadziwa zanga.

Nthawi zina bwana ankandifunsa, ndikuwaona pagalasi, "Banja lakhala pansi? Atchula tsiku?"

Tsiku lanji? Ndinkamva ngati akufunsa wotsatira ndani. Ndinkayankha, "Sindikudziwa, bwana," mano ali olumana.

Mowa ndinali nditausiya pobwera kuno. Ndinauyambiranso m'khitchini mwa Onarebo. Ndinaganiza kuti ngati jini ameneyu ndiye chingwe chomangira achimwene, ndimuchotse, ndithiremo madzi. Ndinapendeketsa botolo pasinki, fungo linandimenya, ndipo m'malo mwa sinki ndinatsegula pakamwa. Ndinadziuza kuti ndikuwombola m'bale wanga. Pakati panu aliyense ali ndi bodza lake loyambira. Langa linali limenelo.

Kuchoka pamenepo zinathamanga. Jini wa Loweruka sanakwane, ndinapeza munthu wogulitsa sadiki, kachasu wa kuno uja wa m'mabotolo a madzi. Ndinkamwa ndisanagwire chiwongolero kuti kabelu kasandilowe m'mutu, n'kumatafuna kadamamu, timbewu tonunkhira tija, kubisa fungo. Foni ya mkazi wanga ndinasiya kuyankha. Alamu anga sindinawaimbire ngakhale kamodzi kuwapepesa maliro. Tsiku lina masana ndinadzuka m'galimoto, pansi paja, pakati pa magalimoto a fumbi, nditadzikodzera, ndikulankhula ndi mpando. Sipiriyano atandiuza kuti ndikununkha ngati shabini, ndinamugulula dzino. Ndinkayendetsa munthu wamkulu pamsewu wa liwiro ndikuona mizere iwiri pomwe pali umodzi. Kuti sindinaphe munthu si nzeru zanga.

Tsopano tibwerere pamchenga paja.

M'mawa umenewo ndinali nditamwa kale. Popita ndinakwera pachiguli cha msewu, bwana anandiyang'ana. Atayamba kuthira, mphepo inabweza madontho kumaso kwawo. Ananyambita milomo. Anaima. Ananunkhiza botolo, anandiyandikira, anandinunkhiza ine. Ndipo anakuwa mawu aja.

Nditawagwira ndinayamba m'Chichewa. "Mfiti iwe. Unadya achimwene anga iwe." Munthu wa msinkhu wa atsibweni anga, ndikumutchula iwe. Kenako ndinatembenuzira m'Chingerezi kuti amve. "Munandikaniza kukaika m'bale wanga. Loweruka lililonse mumamuitana kuno. Mukumugwiritsa ntchito yanji? Mubwezeni."

Sanalimbane nane. Maso awo opanda magalasi anali aang'ono, a nkhalamba.

"Kukaika?" anatero. "Anamuika kale?"

"Musandinamize. Lachinayi la sabata yomwe ija."

"Wamwalira Lachiwiri, Lachinayi mwamukwirira? Munthu wamkulu, wa ana?"

"Nanga timusunge kuti atani?"

Ndinamva thupi lawo likulemera m'dzanja langa. Ndinawasiya. Anakhala pansi pamchenga, nsalu itagwera m'chiuno, mimba pamtunda, munthu amene anakhalapo patebulo ndi nduna za maiko. Kumbuyo kwawo makontena opanda kanthu aja ankalira ndi mphepo ngati ng'oma zakutali.

"Kwathu," anatero, akulankhula ngati akuuza mchenga, "munthu ngati ameneyo amagona mufiriji ya kuchipatala miyezi. Banja limakhala pansi. Timapenta nyumba, timasoketsa nsalu, timaitana amene ali kunja. Kenako akuluakulu amatchula tsiku. Mayi anga anadikira kuyambira nyengo yothyola koko mpaka mvula itagwa. Ine ndimadikira kuti undiuze tsiku, Fanuwelo. Ndimakufunsa."

"Nanga dzina lawo mumalitchuliranji?"

"Munthu amene sanaikidwe ali panjira. Ali ndi ludzu. M'bale wake uli kutali, sudziwa kuthira. Ndinati ndizimupatsa ine mpaka iwe utapita."

Mkwiyo umene ndinaunyamula miyezi yonseyo unasowa pogwira, ndipo m'mimba munangotsala mowa. Ndinatola magalasi awo, kuwapukuta pamalaya, kuwapatsa. Anawavala, n'kuyang'ana botolo lija.

"Ndiye nthawi yonseyi akufa anga akhala akumwa madzi."

"Eya, bwana."

"Amayi a pamsika aja akamva, andibwezeranso envelopu."

Galimoto ya apolisi inali itafika. Galasi linatsika. Wapolisi anayang'ana nkhalamba yokhala pansi yopanda nsapato, anayang'ana ine, anafunsa ngati pali vuto. Ndinatseka pakamwa kuti mpweya usatuluke. Onarebo anadzuka pang'onopang'ono, anakonza nsalu paphewa, anayenda n'kudzaima pakati pa ine ndi galasilo. Ndinkangoona msana wawo. Dzanja lawo lamanja linakwera. Ndinati basi. Koma linakagwa pachifuwa chawo.

"Mafi mushikila," anatero, kutanthauza kuti palibe vuto. "Dalaivala wanga waferedwa m'bale wake. Tikulira."

Wapolisi ananena mawu awo opepesera maliro, galasi linakwera, anapita.

"Makiyi," anatero Onarebo. Ndinapereka. Anayendetsa okha, moipa, atagwira chiwongolero ngati mbale ya moto. Ine ndinafika pachitseko chakutsogolo, ndinagwira chogwirira, ndinalephera kutsegula. Ndinakakhala kumbuyo, pampando wa bwana. Njira yonse mpaka ku Pearl kabelu kankalira. Ting, ting, ting. Palibe amene anaseka.

Titakwera pamwamba anatsegula chipinda chija ine ndikuona. Munalibe ndondocha. Munali mabotolo obiriwira, ndi nsalu za pamaliro zopindidwa bwino, zakuda, zofiira, zofiirira, kuchokera pansi mpaka kudenga, za zaka zonse za uphungu wawo. Chipinda chonse chinkanunkha mankhwala a njenjete. Pamwamba anatsitsapo ziwiri zatsopano, zisanachoke m'pepala.

"Iyi ndinagulira iwe. Iyi ya mkazi wako. Ndimafuna tipite limodzi, anthu a kwanu aone kuti bwana wako anabwera yekha, sanatume envelopu." Anakhala pampando. "Ndinataya mpando chifukwa chojomba maliro amodzi. Ndiye ndawoloka nyanja kudzajombetsa munthu wina maliro a m'bale wake."

Ndinagwada pamenepo.

"Dzuka. Cholakwa changa ndachimva. Chako n'chakuti wakhala ukundiyendetsa utaledzera. Chiwongolero sugwira mpaka munthu wa chipatala atandiuza kuti manja ako ali bwino. Ukadzandigwiranso pachifuwa, ndidzakupereka ndekha kupolisi."

Tsopano mverani, inu a mabotolo a kunsi kwa bedi, chifukwa kukhululukidwa sikuchotsa ludzu. Thupi linapitiriza kufuna. Ndinapita kwa mayi Nasibeko, anesi athu aja, n'kuwauza zonse popanda kukongoletsa. Anandikalipira ngati mwana, kenako anandiuza kuti munthu amene wamwa chomwechi sasiya ali yekha m'chipinda, angathe kukomoka, ndipo anandiperekeza kwa dokotala. Masiku oyamba ndinkanjenjemera, thukuta ngati malungo. Nambala ya wogulitsa sadiki ndinaifufuta Sipiriyano akuona, ndipo ndinamupempha kuti azifufuza kunsi kwa bedi langa nthawi iliyonse akafuna. Munthu amene ndinamugulula dzino ndi amene ankandiphikira phala. Dzinolo tinaikitsa lina, loyera kuposa anzake, moti pano amanyada nalo. Ntchito yothira jini m'botolo ndinaikana, bwana ankathira okha. Mkazi wanga ndinamuuza ndekha asanamve kwa anthu. Anakhala sabata osandiyankha, ndipo ndinkaimbabe.

Ndinagwanso kamodzi, sindibisa. Ndinakadzinenera ndekha kwa anesi tsiku lomwelo, manyazi ali thoo. Kubisa n'kumene kumapha.

Ndipo china, chimene palibe anatiuza pobwera. Ukagwira ntchito kwa munthu wa dziko lina, usaganize kuti amadziwa za kwanu. Muuze poyera: bwana, kwathu timaika mawa. Mawu anayi okha. Ine ndinameza mawuwo, n'kumwera mowa pamwamba. Sindikunena kuti ufiti kulibe. Ndikunena kuti munthu amene ndinamutcha mfiti ndi yekhayo m'dziko lino amene ankakumbukira achimwene anga Loweruka lililonse.

Anandisainira, ndinapita kwathu, ndinakagwada pamanda nditafunda nsalu ya ku Ghana, anthu a ku Ntcheu akundiyang'ana ngati ndapenga. Onarebo pano anabwerera kwawo. Sanaimenso pachisankho. Amathandiza kabanki kakang'ono ka alimi a koko, ndipo Loweruka amayendabe maliro, popanda voti yopempha. Kachipangizo ka mumpando kanafika patapita nthawi, anasintha. Makaniko anandiuza kuti kakale kaja anakayesa, sanakapeze vuto. Zimenezo ndikusiyirani inu.

Koma ndimalize ndi m'mawa wotsatira mkangano uja, chifukwa kuchira kwanga kunayambira pamenepo. Ndinakwera basi mpaka ku Pearl. Ndinapempha makiyi. Bwana anandiyang'ana.

"Sindiyendetsa," ndinatero. "Ndikufuna kulankhula ndi mlendo uja."

Anandipatsa. Ndinatsika pansi paja, ndinadutsa magalimoto a fumbi, ndinalowa, ndinaliza injini. Kanyali kofiira kanayaka. Ting, ting, ting. Nthawi yoyamba ndinatembenuka n'kuyang'ana mpandowo osaphethira.

"Achimwene," ndinatero, "palibe amene wakugwirani. Ndine amene ndachedwa. Pepani."

Ndinatambasula dzanja, ndinakoka lamba, ndinamudutsitsa pampando wopanda munthu, n'kumanga. Kunangoti zii. Kenako ndinatulutsa foni n'kuimbira alamu anga, koyamba chimwalirire amuna awo. Inaitana nthawi yaitali.

"Alamu, ndine Fanuwelo," ndinatero atayankha. "Musadule. Ndiuzeni, nkhope yawo inkaoneka bwanji?"